Mayi a ku Chilomoni, musathamangire kugula pampu

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo. Akuti madzi pasinki ya kukhitchini akungochucha, shawa anaileka kalekale, ana akusambira m'baketi, ndipo pulambala amene anamuitana wawauza kuti palibe njira ina koma kugula pampu ndi kuilumikiza pa paipi yochokera ku mita. Funso lawo ndi lakuti agule pampu yamtundu wanji.

Mayi, funso lanu landifika pamtima, ndipo mundipirire, ndiyamba ndi zina ndisanafike pa yankho.

Ine ndinakulira ku Bangwe, kumtunda kwenikweni. Madzi kwathu ankabwera pakati pa usiku, anthu akumunsi atagona ndipo mipopi yawo atatseka. Mayi anga ankasiya mpopi wapanja wotsegula, n'kugona khutu lili kunja. Ukangoyamba kutsokomola, kulavula mpweya ndi thovu lofiira, iwo ankadzuka, kumanga chitenje, n'kuyamba kudzaza migolo ndi zidebe mumdima. Kukamacha anali atatopa kale, ntchito ya tsikulo isanayambe n'komwe. Zinali zowawa, koma madziwo ankabwera ndithu, ndipo tinkadziwa nthawi yake.

Kenako bambo wina wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu anagula pampu. Anali munthu wabwino, wopita kutchalitchi, wothandiza pamaliro, ndipo sindikhulupirira kuti ankadziwa chimene akuchita. Anamuuza ndi pulambala, monga mmene akuuzirani inu. Kuyambira pamenepo, usiku tinkamva kulira kwa pampu ija kuseri kwa mpanda, mpopi wathu uli gwa. Mayi anga ankakhala pa mpando wa ndalema pafupi ndi mpopiwo, nyali ili pambali, kudikirira kuti thanki ya bamboyo idzaze, pampu izime, ndiye ife tipezeko otsala. Masiku ena m'mawa unkafika palibe ngakhale dontho, ndipo alongo anga ankatsika ndi zidebe kukagula madzi pakiyosiki asanapite kusukulu. Nyumba zonse za mu mzere wathu zinali chimodzimodzi. Akuluakulu sankafuna kukangana ndi mnansi, ndiye ankangong'ung'udza m'nyumba.

Choncho ndinena mosapsatira: pampu yolumikiza mwachindunji pa paipi ya mumsewu sichulukitsa madzi. Imangokoka gawo la anzanu n'kulibweretsa kwa inu. Pulambala aliyense amene wagwira ntchito imeneyi zaka zingapo amadziwa zimenezi, ndipo amene amalangiza anthu kutero akulakwira mudzi wonse pofuna kupeza ya fodya. Palinso choopsa china. Pampu ikamakoka pa paipi imene mulibe madzi okwanira, mkati mwa paipimo mumakhala mphamvu yoyamwa, ndipo paliponse pamene paipi inang'aluka pansi pa nthaka, madzi akuda a m'ngalande ndi a pafupi ndi zimbudzi amalowa. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu ambiri kuposa ina iliyonse m'mbiri ya dziko lino. Ine sindingalole kuti mwana wanga amwe madzi okokedwa mwanjira imeneyo.

Tisaiwalenso mmene mzinda wathu unakhalira. Madzi ambiri amene timamwa mu Blantyre amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, ndipo amapopedwa kukwera mamita pafupifupi 800 kuti atifike. Damu la Mudi limathandizako pang'ono, ndipo ena amachokera ku Likhubula, ku Mulanje. Magetsi akangothima kumene akupopako, matanki akuluakulu amatsika, ndipo oyamba kuuma ndi ife a m'mbali mwa mapiri: Bangwe, Ndirande, Soche, Chilomoni. Mamita 10 aliwonse amene nyumba yanu yakwera amadya bar imodzi ya pulesha (bar ndi muyeso wa pulesha, mphamvu imene madzi amakankhira m'paipi). Madzi akasowa m'paipi ya mumsewu, pampu ya m'nyumba singawabweretse. Ndipo nthawi iliyonse madzi akasiya n'kubweranso, kapena paipi ikaphulika n'kukonzedwa, amabwera ndi mchenga ndi matope. Pambuyo pa namondwe Freddy mu Marichi 2023, pamene mapaipi anakokoloka m'madera ambiri, dothi lolowa m'mapaipi linali losaneneka. Dothi limenelo limakatsakamira penapake, ndipo nthawi zambiri ndi m'nyumba mwanu momwe.

Apa ndiye pali nkhani imene ndimafuna aliyense ataiona ndi maso. Nyumba imene ndikukhala pano ndi yakale, ya mapaipi achitsulo aja a galvanised. Aneba anga madzi ankathamanga bwinobwino, kwanga kukungodontha. Ndinapeza mkulu wina wachikulire wodziwa ntchito, amene sanatchule n'komwe za pampu. Anayamba watsegula mpopi wapanja pafupi ndi mita, madzi anathovoka mwamphamvu mpaka kumunyowetsa buluku. Analowa kukhitchini, anapeza akuchucha. Anakumba pang'ono m'mbali mwa khoma, nadula kachidutswa ka paipi ndi sowo yodulira zitsulo, n'kundipatsa m'manja. Kunja kanali kooneka bwino. Mkati munali dzimbiri lofiirira, lolimba, lotupa mabamphu, ndipo kabowo kotsala pakati pensulo sikanakhoza kulowa. Paipi ya hafu inchi yonse inali itatsala pamenepo. Mukanaika pampu yamphamvu bwanji kumbuyo kwa kabowo kameneko, madzi sakanachuluka kwenikweni, mwina paipiyo ikanangophulikira m'khoma. Tinachotsa chitsulo chonse n'kuika mapaipi apulasitiki, yaikuluyo ya three quarter inchi, yotakata kuposa ya hafu inchi, ndipo shawa inayamba kugwira tsiku lomwelo.

Chimandipweteka n'chakuti anthu odziwa ntchito chonchi akuchepa. Achinyamata ambiri amene akudzitcha mapulambala amabwera ndi sipanala imodzi ndi foni, sayesa kalikonse, ndipo yankho lawo nthawi zonse ndi chinthu chodula chimene iwo omwe akakugulireni. Eni nyumba za lendi nawonso ali ndi mlandu. Amakweza lendi chaka ndi chaka, koma mapaipi amene anaikidwa nyumbayo ikumangidwa sanawakhudzepo, ndipo wokhalamo akadandaula amamuuza kuti ndi vuto la dera lonse.

Zoti muchite musanatulutse ndalama

Funsani aneba a mbali zonse ziwiri. Ngati nawonso akuvutika, makamaka m'mawa ndi madzulo, vuto lili kunja kwa mpanda wanu, ndipo mukanene limodzi ku ofesi ya zamadzi. Mawu a nyumba khumi amamveka kuposa a nyumba imodzi.

Ngati ndi inu nokha, tengani chidebe cha malita 20 ndi wotchi ya pafoni. Dzazani pa mpopi woyandikira mita, kenako kukhitchini, kenako kubafa. Pamene nthawi yatalika mwadzidzidzi, chotchinga chili pakati pa mipopi iwiriyo. Onani stop cock kapena gate valve ya pafupi ndi mita, ija yotsekera madzi a nyumba yonse, ngati ili yotsegula mpaka kumapeto, chifukwa yakale imatha kuthyoka mkati, chogwirira n'kumangozungulira chitseko chake chitagwera pakati. Masulani kasefa ka kukamwa kwa mpopi wa pasinki, mukagugude mchenga uchoke. Mutu wa shawa muunyike mu viniga usiku wonse, n'kutokosa timabowo ndi singano. Ngati ofooka ndi madzi otentha okha, vuto lili ku giza. Kenako tsekani mipopi yonse, muyang'ane mita: ikamazungulirabe, pali podontha pansi kapena m'thanki ya chimbudzi, ndipo bilu yanu ikuchitira umboni. Mita yokhayo musaimasule, ngakhale kasefa kake katatsekeka, si yanu. Itanani eni ake, a ku ofesi ya zamadzi.

Zonsezi zikakanika, gulani thanki musanaganize za pampu. Izidzaza yokha usiku kudzera pa ball valve, chotsekera choyandama chimene chimatseka madzi thanki ikadzaza, pamene pulesha ya mumsewu yakwera. Koma dziwani kuti thanki ya pa sitandi ya mamita atatu imapereka pulesha yochepa kwambiri, yosakwana theka la bar, ndiye paipi yotulukira ikhale yotakata ndipo isakhale ndi makona ambiri. Ngati shawa ikufookabe, pamenepo ndi pamene kapampu kakang'ono kamalowa, kokoka m'thanki mwanu kupita m'nyumba, kokhala ndi chozimitsira chokha madzi akatha kuti kasapse. Ndipo ngati nyumbayo ndi ya lendi, mayi, mukambirane kaye ndi landilodi, mulemberane papepala kuti ndalama ya mapaipi idulidwa pa lendi.