Mumulole akakwere, achemwali

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndimamwetsa mahatchi, foni ndinaisiya m'nyumba. Uthenga wanu ndauona pa gulupu, woti mwana wathu wabwera ndi kalata ya kusukulu yoti apite nawo kokakwera mahatchi kunja kwa tauni, ndiye mukufunsa ngati n'zoyenera mwana wa zaka 10, komanso chifukwa chiyani asankha Meyi uno. Ndati ndijambule mawu, zolemba sindingathe zonse.

Ine ngati malume ake ndikuti mumulole. Ndipo aphunzitsiwo nthawi asankha bwino, ife okwera nyengo yathu ndi ino, mvula ikangokata. Nthawi yadzinja sitikonda kutulutsa alendo. Katondo wa kuno ku Lilongwe mumamudziwa, akanyowa amaterera, ndiye hatchi ikaterereka pamtsetse ili ndi mwana pamsana, eee, n'zosafuna kuziona. Madambonso amakhala atadzaza, miyendo imatitimira. Panopa pansi pauma, udzu ukadali wobiriwirako, mahatchi anenepa, dzuwa silikuwotcha. Mukachedwa kufika Ogasiti, Sepitembala, kumakhala moto wa osaka mbewa, ndipo hatchi ndi moto sizionana. Okutobala ndiye chitentha chokhachokha, nyama imatopa musanafike n'komwe.

Palinso matenda, amati African horse sickness. Musaope, munthu satenga. Amafalitsidwa ndi tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu, timaluma madzulo ndi mbandakucha, ndipo timachuluka nthawi yamvula. N'chifukwa chake timawatsekera m'khola dzuwa lisanalowe, komanso katemera chaka ndi chaka. Kukayamba kuzizira timachepa, ife mtima umakhala pansi. Ndipo mukadzamva mwanayo akufunsa kuti bwanji agogo athu ankaweta ng'ombe, mbuzi, koma hatchi ayi, mudzamuuze za kashembe. Matenda amene ntchentche imeneyi imabweretsa amapha hatchi msanga. Malo amene anatchuka ndi mahatchi kuno kwathu ndi okwera ndi ozizira, ngati phiri la Zomba ndi ku Nyika.

Tsono ana sawapatsa zimahatchi zazikulu zija mumaziona pa TV. Amawapatsa poni. Poni si mwana wa hatchi, anthu ambiri amasokoneza pamenepa, ndi mtundu wake waufupi, wosapitirira masentimita 148 mukayeza kuchokera pansi kufika pamapewa. Ndi yaifupi koma yamphamvu zedi. Ku Lesotho anthu a m'mapiri amayendera poni zawo ngati mmene ife timayendera njinga, mpaka alendo amakwera kukaona mathithi a Maletsunyane ku Semonkong, madzi ake amagwa mamita 192. Ulendo wa ana ndi woyenda pang'onopang'ono, pafupifupi makilomita 6 pa ola, palibe zothamangitsa.

Koma apa ndiye mundimvetsetse, achemwali, ndi pamene pali mtima wanga. Kumayambiriro kwa nyengo ngati kuno, hatchi imakhala yakhala miyezi ikungodya osagwira ntchito. Imakhala ndi mphamvu zosefukira, kanthu kakang'ono imadzidzimuka. Pafamu ina imene ndinkagwirako kale, sindiitchula, bwana anathamangira ndalama, n'kukweza mlendo pa hatchi yoti sinakweredwe kuyambira Disembala. Ine ndinanena, sanandimvere. Tangotuluka pageti, jumbo yapulasitiki yauluka ndi mphepo, hatchi yajowera kumbali, mayi uja pansi, mkono thyoo. Ndinamunyamula ndine, ndipo mpaka lero zimandiwawa chifukwa zinali zopeweka. Ndiye muwaimbire aphunzitsiwo afunse eni malowo zinthu izi: kodi mahatchiwo akhala akukweredwa masabata apitawa? Kodi mwana aliyense apatsidwa helemeti yomukwana, yomanga pachibwano? Kodi pakhala munthu woyenda pansi atagwira chingwe cha poni ya mwana amene sanakwerepo? Akayamba kuzengereza poyankha, asapite, ndidzamukweza ndekha kuno. Helemeti ya kabaza ayi, imalemera, ndipo ndi yaikulu pamutu pa mwana.

Zovala, mumuveke buluku lalitali, jinzi ili bwino. Chishalo chimanyula ntchafu, komanso mwezi uno chitedze chayamba kukhwima m'tchire, chisoso nachonso chimamata, nkhupakupa zilimo mu udzu. Pobwera mudzamuyang'ane kuseri kwa maondo ndi m'khwapa. Nsapato zotseka, zokhala ndi kachidendene pang'ono kuti phazi lisalowerere popondera paja. Masilipasi ayi. Juzi atenge, m'mawa kukuzizira.

Mumuuzenso kuti hatchi siona kumbuyo kwake kwenikweni, ndiye asadutse kumchira, imaponda. Aziifikira chakuphewa akuilankhula, imve kuti kukubwera munthu. Akaona makutu agonera kumbuyo, yakwiya, atalikire. Akafuna kuipatsa karoti atambasule chikhatho, zala zisapindike. Koma asaipatse zotsala za m'chikwama mwake, mandasi kaya chiyani. Hatchi sisanza, achemwali, chikaivuta m'mimba chimangokhala momwemo, mwina mpaka kufa. Ngakhale madeya ife timayamba tanunkhiza ngati sanachite nkhungu.

Ndipo akaona dziko, ndikuuzeni. Mwana wobadwira mu Area 25 amadziwa minibasi ndi mipanda ya njerwa basi. Ali pamsana pa poni adzaona mikukwe ya chimanga m'minda, amayi akusenza madengu, ngolo za abulu zikututa, ana akuthamangira kumsewu akukuwa kuti hatchi, hatchi, chakumadzulo uko mapiri a Dzalanyama ali bii. Ine ndakhala pantchitoyi zaka zambiri koma m'mawa wa Meyi ndikatuluka nazo, mtima umadumphabe. Mwana amene wakweza dzanja yekha m'kalasi kuti ine ndipita nawo, tisamubweze ndi mantha athu akuluakulufe.

Alamu akadandaula za ndalama, theka ndilipira ine, ndikutumizirani pafoni mwezi ukatha. Ndiye mutenge tepi ya telala mumuyeze mutu, kuzungulira pamwamba pa nsidze, munditumizire nambalayo usiku uno. Ndili ndi mahelemeti awiri a ana, ndione ngati imodzi ingamukwane, ndibwera nayo Loweruka ndikamapita ku Lizulu kokagula karoti. Mupereke moni kwa amayi.