Kuyamba gitala munthu atakula

Mwafunsa ngati munthu wa zaka 45 angayambe kuphunzira gitala n'kufika ponena kuti wapindula. Angathe ndithu, ngakhale kuti zala za munthu wamkulu zimachedwa kuzolowera. M'masabata oyambirira nsonga za zala zimapweteka chifukwa chokanikiza nsambo mpaka khungu litalimba, ndipo ambiri amasiyira pomwepa poganiza kuti alibe luso, chikhalirecho vuto ndi khungu chabe. Kuyeserera mphindi 20 tsiku lililonse kumathandiza kuposa kudzipanikiza maola atatu kamodzi pa sabata.

Pa nkhani ya kupindulayo, musamadziyerekeze ndi amene anayamba ali ana. Muziona ngati mukutha kuchoka pa kodi ya G kupita pa kodi ya C (kodi ndi kagwiridwe ka nsambo zingapo nthawi imodzi) osayang'ana zala komanso nyimbo osaduka, chinthu chimene mwezi wapitawo chinkakukanikani.