Thiraki yapepuka: magalamu 90 amenewa tiwaike pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa inu amene mumawerenga zolemba zangazi. Mwachidule akuti: "Ndili ndi thiraki ya rimoti ya 1/10 (yochepa kakhumi poyerekeza ndi yeniyeni), ija amati stadium truck, yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Nditachotsa batire lakale n'kuikamo la LiPo lalifupi, thirakiyo yatsika kufika pa magalamu 1,610, pomwe lamulo la mpikisano wathu likuti isachepere 1,700. Ndiikemo chiyani, ndipo ndichiike pati? Mnzanga wina akuti ndingomata tizitsulo paliponse pamene pali mpata."

Achimwene, zikomo chifukwa cha funsoli. Choyamba, mnzanuyo musamumvere. Chachiwiri, musadandaule, chifukwa muli pabwino kuposa mmene mukuganizira. Munthu amene thiraki yake yapitirira kale 1,700 alibe chosankha, kulemera kwake kuli pomwe anakuika opanga. Inu muli ndi magalamu 90 m'manja, ndipo mungathe kuwaika pamene akuthandizeni kuthamanga bwino.

Zimene zakuchitikiranizi zinachitikira ambiri pamene mabatire a LiPo analowa m'mipikisano. Batire lakale la NiMH, la maselo 6 lija, limalemera pafupifupi magalamu 400, pomwe la LiPo lalifupi nthawi zambiri limangolemera theka la pamenepo, ena osafika n'komwe. Magalimoto anapepuka, koma malamulo ena a kulemera anakhalabe. Mabungwe monga ROAR ya ku America, EFRA ya ku Ulaya ndi IFMAR yomwe imayendetsa mipikisano ya dziko lonse, lililonse lili ndi buku lake la malamulo, ndipo manambala amasiyana potengera mtundu wa galimoto. Choncho werenganinso lamulo la kwanuko, muone ngati amayeza musanathamange kapena mutatsiriza. Kuyezako kumakhala kwa thiraki yokonzeka kulowa m'bwalo: batire lili momwemo, bodi yavekedwa, transponder yowerengera maulendo yamangidwa. Ngati 1,610 yanuyo munayeza popanda bodi, yezaninso musanagule kanthu.

Musalinge pa 1,700 ndendende. Apa ndikulankhula zimene zinandionekera. Tsiku lina ndinafika pampikisano thiraki yanga itangopitirira malire ndi magalamu 2 pa sikelo ya kunyumba. Ndinathamanga bwino zedi tsiku limenelo. Nditatsiriza, woyeza anaikweza pa sikelo yake, n'kuitsitsa, n'kuikwezanso, kenako anandiyang'ana. Inali yoperewera magalamu 4. Matayala anali atadyeka, ndiponso sikelo yake sinkagwirizana ndi yanga. Zotsatira zanga zinafufutidwa, ndipo panalibe amene ndikanamuloza chala. Sikelo ya pampikisano ndiyo imaweruza, yanu ilibe mawu. Chiyambire pamenepo ndimasiya magalamu 10 mpaka 20 apamwamba, ndipo ndikafika m'mawa ndimapempha kaye kuyeza pa sikelo yawoyo. Ndiye kwa inu, tiwerenge kuti mukufuna magalamu 105 kapena kuyandikira pamenepo.

Nanga muikemo chiyani? Chimene chimasiyanitsa zitsulo ndi malo amene chilichonse chimadya. Magalamu 100 a tungsten amatenga malo ongopitirira pang'ono masentimita 5 a kiyubiki, a mtovu pafupifupi 9, a brass pafupifupi 12, a chitsulo wamba pafupifupi 13. Tungsten ndi wodula, koma pamalo opanikizika palibe womuposa. Ine ndimakonda brass, makamaka timbale tathyathyathya topangidwira kuyala pansi pa batire, pansi pa servo (kamota kokhotetsa matayala akutsogolo) kapena pansi pa ESC (kabokosi kolamulira liwiro la mota). Palinso tizitsulo tomata tija amabalansira mawilo a galimoto zenizeni, ta magalamu 5 ndi 10. Timeneti n'tabwino kwambiri poyeserera, chifukwa mumatha kutimatula n'kutisuntha mpaka mutapeza malo oyenera. Mtovu ndi poizoni. Ngati mwaugwiritsa ntchito, musaupale ndi fayilo, musausungunule, musausiye pofikira ana, ndipo sambani m'manja mukamaliza.

Njira ina imene ambiri amaiiwala ndiyo kugula batire lolemererako. Limakupatsani kulemera ndi moto wochuluka nthawi imodzi, ngakhale kuti likakhala lalitali mmwamba limakweza kulemerako pang'ono.

Tsopano tifike pa mtima wa funso lanu: pati?

Pansi. Pansi penipeni, chogunda chesisi. Thiraki ndi yaitali kale, ili ndi matayala akuluakulu ndi bodi yotakata. Galamu iliyonse imene mwaika pamwamba, kaya pa nsanja ya ma shock (zofewetsa mabampu) kaya pamwamba pa batire, imaikankhira kunja ikamakhota. Pabwalo logwira kwambiri monga la kapeti, mudzaona tayala lam'kati likunyamuka, kenako thiraki gubudu, miyendo m'mwamba, inu mukudikira woitembenuza anzanu akudutsa. Musamatenso kanthu pa mikono ya sasipenshoni kapena m'mawilo. Kulemera kumene sikunyamulidwa ndi masipuling'i kumachedwetsa tayala kutsatira mabampu. Anzathu a magalimoto okwera miyala amaika brass m'mawilo dala, koma awo ndi masewera oyenda pang'onopang'ono, zofuna zawo n'zosiyana ndi zathu.

Mukatero, yambani ndi kumanzere ndi kumanja musanaganize za kutsogolo ndi kumbuyo. Mota, servo, ESC ndi risiva (kolandira malamulo a rimoti) sizikhala pakati ndendende, choncho mathiraki ambiri amapendekera mbali imodzi mwini wake osadziwa. Zizindikiro zake mukuzidziwa: kukhota bwino kumanja koma mokanika kumanzere, kapena kupendama m'malere ikalumpha. Njira yabwino ndi masikelo anayi aang'ono ofanana, tayala lililonse pa sikelo yake, patebulo losapendekera. Dinikizani thiraki kangapo kuti ikhazikike, muisiye, muwerenge. Phatikizani manambala awiri akumanzere, muwayerekeze ndi awiri akumanja. Magalamu anu oyamba, mwina 10 kapena 20, apite kumbali yopepukayo. Onaninso mopingasa: tayala lakutsogolo kumanzere kuphatikiza lakumbuyo kumanja lifanane ndi awiri enawo. Zikasiyana kwambiri, nthawi zambiri vuto limakhala sipuling'i imene yamangidwa kuposa inzake kapena chesisi yopindika, ndipo kumata chitsulo sikungachiritse zimenezo. Ngati mulibe masikelo anayi, nyamulani thirakiyo ndi nsonga ziwiri, ina pakati kutsogolo ina pakati kumbuyo, muone mbali imene ikugwa.

Magalamu otsalawo ndiwo okoma kusewera nawo. Thiraki yanu imakoka ndi kumbuyo, ndiye pabwalo la dothi loterera, lafumbi, kulemera kukasunthira kumbuyo matayala amaluma bwino potuluka pakona. Mtengo wake ndi wakuti kutsogolo kumapepuka, thiraki imafuna kupitirira mukaikhotetsa, ndipo imatha kudzutsa mphuno mukaponda moto. Pabwalo logwira, kulemera kukasunthira kutsogolo mphuno imakhala pansi ndipo chiwongolero chimamveka chokhazikika. N'chifukwa chake opanga ambiri amagulitsa bulkhead yakutsogolo (kachipangizo komangirapo mikono ya sasipenshoni) ya brass m'malo mwa yapulasitiki. Palinso nkhani ya kutalikira: kulemera kounjikana pakati kumapangitsa thiraki kutembenuka msanga, pomwe komwazikira kumapeto kumaipangitsa kukhala yofatsa, yosadzidzimuka. Kwa amene mukuyamba kumene, kufatsako si chinthu choipa ayi.

Ndikanakhala ine, ndikanayala mbale ya magalamu 50 kapena 60 pansi pa batire, n'kukonza kupendekera ndi magalamu 15 kapena 20, ndipo otsalawo n'kukhala tizitsulo tomata toyenda nato. Thamangani maulendo 10 tizitsuloto tili kutsogolo pafupi ndi servo, mulembe nthawi. Tisunthireni kumbuyo, muthamangenso 10. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza. Kumbukiraninso kuti batire lalifupi limasuntha m'malo mwake, ndipo kulikankhira kutsogolo kapena kumbuyo sentimita imodzi yokha kumamveka pachiwongolero.

Kamatidwe musakapeputse. Pukutani chesisi ndi sipiriti kuchotsa fumbi ndi mafuta, iume, ndiye mumate ndi tepi yomata mbali zonse ija timamatira ESC. Pamene pali bowo la sikuluwu, mangani ndi sikuluwu. Kachitsulo komatuka pakati pa mpikisano kamakuperewetsani pa sikelo, komanso kakhoza kugunda mawaya a batire n'kuyambitsa shoti, ndipo moto wa LiPo si wosewera nawo. Mbale ya pansi pa batire isakhale ndi m'mphepete mwakuthwa, ndipo onetsetsani kuti chomangira batire chikugwirabe bwino popeza tsopano lakwera pang'ono.

Mukamaliza zonse, yezaninso kutalika kwa chesisi kuchoka pansi. Magalamu 105 amaitsitsa thiraki, ndipo mungafunike kumangitsa makolala a masipuling'i kuti ibwerere pamene inali. Gwiraninso mota mukatsiriza ulendo woyamba, muone ngati yatentha kuposa kale. Mukapeza manambala anayi a pa masikelo aja, nditumizireni pamodzi ndi mtundu wa bwalo limene mumathamangapo, tidzaone limodzi kumene tizitsulo totsalato tingakhale.