Ndani akudula mbande pa nazale yanga?

Funso: Ndimalima mpunga wa Kilombero ku Lifuwu m'boma la Salima. Chaka chino mbande za pa nazale zikufota m'mizere, ndipo dothi latukusika ngati pansi pakudutsa kanthu. Bambo akunyumba akuti ndi nkhululu, koma kamene ndinagwira n'kofiirira, manja ake ngati a mfuko. Ndi kachilombo kanji, nanga kamaluma?
Mayi wa ku Lifuwu

Yankho: Mayi, ulendo uno bambo aphonya. Mwagwira bololo. Nkhululu ndi yaikulu, imakonda dothi lamchenga, ndipo pakhomo pa una wake pamakhala mulu wa dothi. Bololo amatalika pafupifupi masentimita 3 ndipo kwawo n'ku chinyontho: m'dimba, m'dambo, m'mphepete mwa ngalande zothirira. Manja otambalala aja ndiwo makasu ake. Akamafukula njira pansi pa nazale amadula mizu ina, ina n'kudya, mbande n'kutsala lende. Amadyanso nyongolotsi ndi mphutsi. Alibe ululu, mukamufumbata amangokankha zala kufuna potulukira.

Kulira kosadukiza kumene mumamva m'dambo dzuwa likangolowa n'kwa wamwamuna. Sayimbira poyera. Amaumba khomo la una wake motambasuka kuti mawu azimveka patali, kenako n'kumakhuza mapiko ake ali m'katimo. Wamkazi amauluka usiku kulondola nyimboyo, n'chifukwa chake nthawi zina mumamupeza atagwa pansi pa getsi. Mazira amaikira m'kachipinda m'dothi lonyowa, ndipo ana amaswa akufanana ndi makolo awo, kungoti alibe mapiko.

Ine sindingakulangizeni kuthamangira mankhwala. Bololo amatha kusambira, koma sangakhale m'munda womira madzi, amathawira m'migula. Ndiye salazani nazale yanu bwino kuti pasakhale zitunda zouma, mbande zikakwera muzisunga madzi pamwamba pa dothi. Migula muziimata ndi matope, chifukwa mauna ake amathanso kutayitsa madzi. Pomwe dothi latukusika thirani madzi asopo madzulo. Atuluka okha, inu n'kutola kukapatsa nkhuku. Pa bedi la matimati kapena kabichi m'dimba, pomwe simungamize madzi, njira ya sopoyi ndi imene ingakuthandizeni, komanso kutipula dothi musanafese kuti mazira aonekere kunja.