Steroid wa m'masamba wopha khansa: zoona zake ndi ziti?

Mayi, mwati mwaona kanema wonena kuti m'zomera zina muli steroid wachilengedwe amene amatseka enzyme inayake n'kupha maselo a khansa, ndipo mukufunsa ngati mungawiritsire masamba ake mchemwali wanu amene akudwala. Mankhwalawo alipodi, ndipo madokotala akhala akuwagwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 200. Koma chonde musawiritse tsamba ngakhale limodzi. Ndifotokoze chifukwa chake.

Zomwe akunenazo ndi gulu la mankhwala otchedwa cardiac glycosides. Wotchuka kwambiri ndi digoxin, wochokera m'masamba a duwa la foxglove. Palinso ouabain, oleandrin wa m'chitsamba cha oleander, ndi bufalin wopezeka pakhungu la achule ena. Onsewa ali m'banja la steroid chifukwa molekyulu yawo ili ndi mphete zinayi za carbon zolumikizana, monga cholesterol ndi testosterone. Koma si steroid amene anyamata ena amamwa kuti atukumule minofu.

Enzyme (puloteni yogwira ntchito inayake m'selo) imene amatsekayo ndi Na+/K+-ATPase, imene ambiri amangoti pampu ya sodium ndi potassium. Ili pakhungu la pafupifupi selo lililonse la m'thupi mwanu, ndipo sipuma: ikatulutsa tinthu titatu ta sodium, imalowetsa tiwiri ta potassium, usiku ndi usana. Anaitulukira ndi Jens Christian Skou wa ku Denmark mu 1957, pofufuza mitsempha ya nkhanu, ndipo mphotho ya Nobel inadzamupeza mu 1997. Digoxin akamatirira papampuyi, sodium amayamba kuchuluka m'selo. Mumtima zimenezi zimachititsa kuti calcium naye asatuluke msanga, ndiye minofu ya mtima imafinya mwamphamvu kuposa kale. Nthawi yomweyo kugunda kwa mtima kumatsika. Kwa munthu amene mtima wake wafooka, miyendo yatupa, akupuma movutikira, imeneyi ndi thandizo lenileni.

Anthu anadziwa mphamvuyi asanadziwe za pampu. William Withering, dokotala wa ku Birmingham, analemba mu 1785 za odwala otupa thupi oposa 150 amene anawapatsa foxglove, ndipo sanabise kuti akapyola mlingo odwala ankasanza, kuona zinthu zachikasu, ena kufa kumene. Paulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi, John Kirk anatolera njere za kombe, chomera chimene alenje ankapangira ulembe wa mivi. Njerezo anaziika m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Atatsuka m'kamwa anamva kuwawa, kenako anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Fumbi chabe la pamswachi! Kuchokera apo Thomas Fraser wa ku Edinburgh anafufuza njerezo n'kupeza strophanthin, amene anakhala mankhwala a mtima. Digoxin yemwe ali m'zipatala lero anapatulidwa ndi Sydney Smith mu 1930, ndipo mpaka pano amatengedwabe m'masamba.

Ngakhale pa mtima pomwepo, pamene umboni uli wochuluka, digoxin si wozizwitsa. Kafukufuku wamkulu wa 1997, wa odwala pafupifupi 6,800, anapeza kuti omwa digoxin sankagonekedwa m'chipatala kawirikawiri, koma chiwerengero cha omwalira sichinasiyane ndi cha omwe sankamwa. N'chifukwa chake masiku ano amabwera pambuyo pa mankhwala ena.

Tsono za khansa. Apa mpamene nkhani imakoma, mpamenenso anthu amanamizana kwambiri.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Björn Stenkvist wa ku Sweden anaona kuti amayi odwala khansa ya m'mawere amene ankamwanso mankhwala a mtimawa, zotupa zawo zinkaoneka zosalusa kwambiri. Anali amayi ochepa, komabe zinadzutsa chidwi. Mu 2008 gulu la Gregg Semenza ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America linasonyeza kuti digoxin amalepheretsa selo kupanga HIF-1, puloteni imene chotupa chimadalira kuti chipirire pamene mpweya wa oxygen wachepa. Mu 2019 magulu awiri a ofufuza anapeza kuti mankhwalawa amapha maselo okalamba, aja osiya kugawikana koma osafuna kufa. Ndipo mu 2025 ofufuza a ku Switzerland anapatsa digoxin amayi 9 a khansa ya m'mawere yofalikira, n'kuona kuti timagulu ta maselo a khansa toyenda m'magazi tinachepa kukula. Zonsezi n'zoona. Koma onani bwino: amayi 9, ndipo choyezedwa chinali kukula kwa timaguluto, osati kuchira kwa munthu.

Pali chinthu china chimene makanema otere sanena, chimene kwa ine ndicho phata la nkhaniyi. Kafukufuku wambiri wa khansa amachitika poika chotupa cha munthu m'thupi la mbewa. Koma pampu ya mbewa ndi makoswe inapangidwa mosiyana pang'ono, moti imapirira mankhwalawa kuwirikiza mazanamazana kuposa ya munthu. Ndiye mukabaya mbewa yotere mlingo waukulu, chotupa chimafota chifukwa ndi cha maselo a munthu, mbewayo ili gwa, ikudya bwinobwino. Pachithunzi zimaoneka ngati mankhwala asankha khansa yokha. Zoona zake n'zakuti asankha munthu. M'thupi la mchemwali wanu mulibe mbewa yoti ipulumuke: chotupa ndi cha munthu, mtimanso ndi wa munthu, ndipo pampu yawo ndi imodzi. Nthawi zambiri mlingo wopha maselo a khansa mu labotale umaposa umene mtima ungapirire. Za m'mbale ya mu labotale ndiye musatengeke nazo konse, pakuti ngakhale sopo amapha maselo m'menemo.

Palinso mbali ina yosakoma. Kafukufuku wa ku Denmark, wotsatira amayi ambiri, anapeza kuti omwa digoxin ankadwala khansa ya m'mawere mochulukirapo pang'ono kuposa ena. Akatswiri amaganiza kuti n'chifukwa choti molekyulu yake imafanana ndi estrogen, homoni ya akazi. Palibe bungwe loyang'anira mankhwala limene lavomereza digoxin kapena oleandrin kukhala mankhwala a khansa. Mu 2020 ena ku America anayesa kutsatsa oleandrin ngati mankhwala a COVID-19, ndipo bungwe loyang'anira mankhwala ndi zakudya kumeneko, la FDA, linakana kuti azigulitsidwa ngati chowonjezera pa zakudya.

Ine ndikuona kuti chiyembekezo chilipo, koma chili kwa akatswiri amene akuyesa kusintha molekyuluyi kuti izipita ku chotupa n'kuusiya mtima, kapena kuiphatikiza pamlingo wochepa ndi mankhwala ena a khansa. Ntchito imeneyo ndi ya zaka.

Tibwerere ku poto wanu uja. Piritsi la digoxin limakhala la 0.125 kapena 0.25 mg patsiku, osakwana ngakhale miligalamu imodzi. Kwa wodwala mtima madokotala amafuna kuti m'magazi mukhale digoxin wa pakati pa 0.5 ndi 0.9 ng/mL (muyezo wa kuchuluka kwake m'magazi), ndipo ikapitirira 2 ngozi yayandikira. Mpata wake ndi wopapatiza chonchi, moti ngakhale m'chipatala amachita kuyeza magazi. Nanga tsamba? Mphamvu yake imasiyana malinga ndi mtengo, nyengo ndi msinkhu wa tsambalo, ndipo kuwiritsa sikuchotsa poizoni ameneyu. Simungadziwe kuti m'kapu muli zochuluka bwanji. Amachedwanso kutuluka m'thupi: digoxin amatenga tsiku ndi theka kapena masiku awiri kuti theka lake lichoke, kudzera mu impso. Kapu ya lero imaunjikana pa ya dzulo.

Wodwala khansa ndiye ali pangozi kuposa wina aliyense. Akamasanza kapena kutsegula m'mimba chifukwa cha chemotherapy, potassium amatsika m'magazi, ndipo potassium akachepa mankhwalawa amamatirira papampu mwamphamvu kwambiri. Impso zikafooka sathanso kutuluka. Mankhwala ena wamba, monga clarithromycin, verapamil, amiodarone ndi okodzetsa a furosemide, amawonjezera vutoli. Choipa china n'chakuti zizindikiro zoyamba, nseru, kusanza ndi kufooka, zimafanana ndi za matenda omwewo, ndiye achibale amangoti ndi khansa ija, mpaka mtima utayamba kudumphadumpha. Ku Sri Lanka anthu ambiri afa ndi njere za yellow oleander mwa njira yomweyi. Mankhwala ochotsa poizoniyu alipo, opangidwa kuchokera m'magazi a nkhosa, koma ndi odula ndipo si chipatala chilichonse chili nawo.

Ngati achemwali amwa kale zoterezi, musadikire kuti muone ngati zidutsa. Apititseni kuchipatala lero lomwe, mutenge masambawo kapena botolo lake, ndipo muwauze adokotala nthawi imene anamwa ndi kuchuluka kwake. Ngati sanamwe, tengani kanemayo mukaonetse dokotala amene akuwathandiza pa khansayo, mufunse ngati pali kafukufuku wovomerezeka amene angalowemo. Kumeneko mlingo amayeza, mtima amauyang'anira ndi makina, ndipo zikayamba kuvuta amasiya nthawi yomweyo.