Foni ikayamba kuvuta itapanga update, mlandu ndi wa ndani?

Achemwali, ndawerenga zomwe mwalemba: foni munagula yatsopano ku Limbe, itangopanga update yayamba kuzima yokha, WhatsApp ikumangotsekeka, ndipo nthawi zina netiweki ikumasowa. Kushopu ya kampani ya netiweki akuti vuto ndi la opanga foni, pomwe amene anakugulitsani akuti ndi netiweki ya ku Mulanje kuno. Ine ndimakonza mafoni pa Chitakale, ndipo kulozana zala kumeneku kumandiwawa, chifukwa munthu amatha ndalama ya thiransipoti kupita mtauni kukangomva mawu okhaokha. Ndiye mundilole ndiyankhe motalikirapo.

Foni kuzima yokha ndi WhatsApp kutsekeka, zimenezo a netiweki sizikuwakhudza. Kuno kwathu Airtel ndi TNM gawo lawo ndi simu khadi, nsanja, mayunitsi, bandulo, ndi Airtel Money kapena Mpamba. Pulogalamu yoyendetsa foni salemba ndi iwo. Update imene inalowa mufoni yanuyo sinachokere kwa iwo, inangodutsa pa bandulo yanu basi. Taganizirani msewu wa Limbe kupita ku Muloza: pamene pakumbika, wa kabaza aliyense amavutika pamalo omwewo. Koma njinga yamoto yanu yokha ikamathima pa tala wosalala anzanu akungodutsa, simungakadandaule kwa okonza msewu.

Mkati mwa foni muli manja a anthu angapo. Android ndi ya Google. Opanga foni amatenga Android ija n'kuikapo zawo pamwamba: Tecno imaika HiOS, Infinix imaika XOS, Samsung imaika One UI. Ambiri sadziwa kuti Tecno, Itel ndi Infinix ndi ana a nyumba imodzi, kampani ya Transsion ya ku Shenzhen ku China, ndipo mbali yawo yokonza mafoni imatchedwa Carlcare. Palinso opanga chip, kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa foni, monga MediaTek ndi Unisoc, omwe amapereka kapulogalamu kothandiza foni kulankhulana ndi nsanja. Amene amasonkhanitsa zonsezi, kuziyesa, n'kutumiza update kwa inu ndi amene dzina lake lalembedwa kumbuyo kwa foni. Ndiye akatumiza chinthu chosapsa bwino, woyankha ndi iyeyo.

Apa ndi pamene anthu amasokonekera, ndipo ogulitsa ena amabisala pomwepa. Netiweki ikasowa, aliyense amathamangira kunena kuti ndi kampani ya netiweki. Komatu mu update muja mumakhalanso kapulogalamu kolankhulana ndi nsanja kaja. Kakabwera kolakwika, foni imataya 4G kapena kulemba kuti mulibe simu khadi, chikhalirecho nsanja ili bwinobwino. Choncho ngakhale vuto lanu lachitatulo likhoza kukhala la foni.

Njira yodziwira siifuna ndalama. Chotsani simu khadi yanu muike mufoni ya munthu wina wapakhomo, yake muike mu yanu, mukhale nazo tsiku lathunthu pamalo omwe mumakhala masiku onse. Vuto likatsatira simu khadi, pitani kwa a netiweki, mwina khadiyo yatha ndipo akupatsani ina pa nambala yomweyo. Likatsalira mufoni yanu ngakhale mwaikamo khadi ya kampani ina, ndi foni. Mafoni onse awiri akamataya netiweki nthawi imodzi, ndi nsanja kapena malo. Zachitatuzi sizachilendo kuno: phiri limatchinga, mbali za ku Likhubula ndi m'minda ya tiyi muli malo oti umachita kukwera pachulu kuti uimbe, ndipo magetsi akathima nthawi yaitali nsanja zina zimafooka. Tonse tikukumbukira mmene zinalili nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023, mafoni abwinobwino ali duu. Amene mumakhala cha ku Limbuli ndi Muloza muli ndi lanulanu vuto: foni imatha kudumphira pa netiweki ya ku Mozambique, monga Movitel kapena Vodacom. Zikatero lowani mu settings musankhe nokha netiweki yanu, musaisiye pa automatic.

Za WhatsApp kutsekeka, yambani mwaona ngati memory yadzadza. Sabata yatha mayi wina wogulitsa nanazi anandibweretsera foni ya 32GB akuti yalodzedwa ndi update. Nditatsegula, munali mavidiyo a m'magulu a mpingo ndi a banki m'khonde okhaokha, malo otsala osakwana n'theka la 1GB lomwe. Titafufuta, foni inayamba kuyenda tikuona. Update imafuna malo, ndipo foni yodzadza imajama. Ngati malo alipo ambiri, yatsani foni mu safe mode, momwe mumayenda mapulogalamu obwera ndi foni okha. Ikasiya kuzima, ndiye kuti pali app ina imene munaika, makamaka zolandira kwa anzathu pa Xender zija. Ikapitiriza kuzima ngakhale mu safe mode, musavutikenso, ndi opanga foni.

Ndinene chilungamo kuti nthawi zina wolakwa sakhala awiri mwawatchulawo. Mu March 2021 mapulogalamu ambiri, kuphatikizapo Gmail, ankangotsekeka pa mafoni a Android m'maiko ambiri, ndipo gwero lake linali kachigawo ka Google kotchedwa Android System WebView. Anakonza ndi a Google omwewo kudzera pa Play Store. Mu October 2023 WhatsApp inasiya kugwira pa mafoni a Android yakale yosafika pa 5.0, chimene chinali chiganizo cha eni WhatsApp. Mafoni a Huawei otuluka boma la America litaika chiletso mu 2019 amabwera opanda Play Store, ndipo palibe wa netiweki angakuikireni. N'chifukwa chake ndi bwino kupanganso update ya WhatsApp ndi ya WebView musanakwere minibasi.

Pali pamene kampani ya netiweki singathawe. Ngati foniyo munagula mushopu yawo, iwo ndi ogulitsa, ayenera kuilandira. Mafoni obwera ndi abale a ku Joni ena amakhala okhomedwa kuti azigwira pa netiweki ya komweko yokha, ndipo wotsegula moyenera ndi kampani yomwe inakhomayo. Kumeneko komanso ku America, kumene anthu ambiri amatenga foni pa kontirakiti, makampani a netiweki amaikamo mapulogalamu awo, ndipo update ina imayamba yadutsa kwa iwo.  Mafoni a ngongole olipira pang'onopang'ono nawo ali ndi loko wa amene anakukongozani. Ikatsekeka mutalipira kale, pitani kwa iwowo.

Tsono zanu, achemwali, ine ndikuona chonchi. Ngakhale wolakwa atakhala wa ku Shenzhen kapena ku Korea, inu simungapite kumeneko. Khomo lanu ndi la amene analandira ndalama zanu. Iye ndi amene amadziwa kumene anaoda katunduyo, ndipo kunena kuti "ndi netiweki ya kwanu" asanaiyatse n'komwe foniyo ndi kukuthawani. Mafoni atsopano ambiri amakhala ndi waranti ya miyezi 12, ndipo vuto la pulogalamu lobwera ndi update ya eni ake limalowa mmenemo. Tengani lisiti ndi bokosi. Imbani *#06#, ituluka nambala yozindikiritsa foni yanu, yotchedwa IMEI, ya manambala 15, muone ngati ikufanana ndi ya pabokosi. Ikasiyana, kapena bokosi likakhala la foni ina, ndiye kuti mwina anakugulitsani yogwiritsidwapo kale ntchito kapena yachinyengo, ndipo mlandu wonse wagwera wogulitsa. Jambulani vidiyo ndi foni ya mnzanu pamene yanuyo ikuzima, chifukwa mafoni otere amakonda kuyenda bwino akafika pa kauntala.

Chinthu chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse, ngakhale ndikudzilanda ndekha kasitomala ponena izi: musaipereke kwa ife okonza kuti tiifulashe (kuikamo mwatsopano pulogalamu yoyendetsa foni) kapena kuitsegula waranti isanathe. Tikangomasula kumbuyo kapena kuikamo pulogalamu yotenga pa intaneti, eni ake adzakana kuti mwaiononga nokha, ndipo adzakhala ndi poimira. Ndaonapo anthu akulira ndi foni ya miyezi iwiri chifukwa cha kufulasha kwa changu. Factory reset yokha, ya mu settings, yofufuta zonse munaikamo, ilibe vuto, siiononga waranti.

Wogulitsa akakana, mufunseni akuuzeni malo ovomerezeka okonzera mafoni a mtundu umenewo, mupite ndi lisiti lanu. Akakanitsitsa, dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a katundu wosagwira bwino ntchito. Bungwe la Consumers Association of Malawi (CAMA) nalonso limayankhulira ogula. Koma ngati kuyesa kuja kwaonetsa kuti vuto ndi la netiweki, yambani mwadandaula ku kampaniyo, musunge tsiku ndi nambala ya dandaulo ngati akupatsani, ndipo akapanda kukuthandizani nkhaniyo ipite ku MACRA, omwe amapereka ziphaso kwa makampani amenewa. Kupita ku MACRA ndi nkhani ya foni yozima yokha n'kutaya nthawi, akubwezerani kwa wogulitsa.

Musanaipereke, sungani manambala a anthu pa akaunti yanu ya Google, zithunzi musamutsire pa memory card, ndipo WhatsApp muipange backup, chifukwa pokonza amafufuta zonse. Simu khadi ndi memory card muchotse, zitsale ndi inu, ndipo akulembereni kapepala kosonyeza IMEI ndi tsiku lomwe alandira foniyo. Mukayesa zosinthana makhadi zija mulembe pano zomwe mwapeza pamodzi ndi mtundu wa foniyo, tione ngati pali ena m'gulu muno omwe yawo ikuchita chimodzimodzi.