Tsankho, kusankhana kapena kukondera?

Funso: Ndine mphunzitsi wa kusekondale ku Dedza. Ndikufuna kufotokozera ana nkhani ya ku America, yoti khungu la munthu limalowerera pogamula kuti aphedwe kapena ayi. Ndilembe "kusankhana mitundu", "tsankho" kapena "kukondera"? Anzanga akuti zonsezi n'chimodzimodzi.

Yankho: Aphunzitsi, mwandikanda poyabwa. Anzanuwo mukawauze kuti si chimodzimodzi ayi.

Tiyambe ndi tsankho, chifukwa ndi mawu amene ndimawakonda. Tsinde lake ndi kusankha. Chichewa chimalimbitsa s kukhala ts m'mayina ena akamanena chinthu chimodzi: timati tsamba koma masamba, tsiku koma masiku, tsoka koma masoka. Tsankho linabadwa momwemo. Ndili mwana, agogo ankandikhazika pamkeka ndi lichero la nyemba n'kunena kuti, "Sankha, zofumbwazo uike apo." Dzanja losankha linali langa, nyemba sizinkafunsidwa. Tanthauzo la tsankho lagona pamenepo: pali wosankha amene ali ndi mphamvu, pali woikidwa pambali amene alibe chonena.

Ndiye taonani chimene kachidutswa ka -an- kamachita. Kumenya n'kwa mmodzi, kumenyana n'kwa awiri. Kukonda, kukondana. Tikati "kusankhana mitundu" tikunena kuti uyu akusankha uyo, uyonso akusankha uyu, ngati mbali zonse zili ndi lichero. Ndikudziwa kuti mawuwa anazika mizu, pawailesi ndi m'nyuzipepala ali ponseponse, ndipo sindingawazule. Koma pa nkhani yanuyi amabisa choonadi. Munthu woimirira m'khoti, moyo wake uli m'manja mwa loya wa boma ndi oweruza, sasankhana ndi aliyense.

Mawu oti mtundu nawo ndi thumba lalikulu kwambiri. Mtundu wa Angoni, mtundu wa Amalawi, mtundu wa chimanga, mtundu wa nsalu. Mwana wa ku Dedza akamva "mitundu" aganiza za Achewa, Angoni ndi Ayao, pomwe inu mukunena za azungu ndi anthu akuda. Tchulani khungu mwachindunji. Ndipo chonde musabwereke "resizimu" amene ndikumuona pa Facebook masiku ano. Timabwereka chimene tilibe, monga kompyuta. Tsankho tili nalo dzina lake kuyambira kale, makolo athu analiona ndi maso nthawi ya atsamunda.

Kukondera ndiye kukufunika chitsanzo, ndipo chitsanzo chabwino ndi mlandu wa Warren McCleskey, munthu wakuda wa ku Georgia, chigawo china cha dziko la America, amene anagamulidwa kuti aphedwe chifukwa chopha wapolisi wachizungu. Maloya ake anapita kukhoti lalikulu la America ndi kafukufuku wa katswiri wa zamalamulo David Baldus, amene anasanthula milandu yakupha yoposa 2,000 ya ku Georgia ya m'zaka za m'ma 1970. Chimene chinaonekera kwambiri ndi khungu la wophedwa: woimbidwa mlandu wopha mzungu anali pa chiopsezo chachikulu ka 4.3 cholandira chilango cha imfa poyerekeza ndi woimbidwa mlandu wopha munthu wakuda. Mu 1987 majaji asanu mwa asanu ndi anayi anati ziwerengero zokha sizikwanira, McCleskey anafunika kusonyeza kuti iyeyo payekha anamuchitira tsankho mwadala. Anaphedwa mu 1991. Jaji Lewis Powell, amene analemba chigamulocho, atapuma pantchito ananena kuti akanatha akanasintha voti yake.

Apa ndi pamene kukondera kumagwira ntchito. Ndi kukonda kowonjezera -er-, kupendekera mtima kwa wina. Makhoti a ku Georgia ankakondera maliro a mzungu, magazi ake ankalemera kuposa a munthu wakuda. Kukondera kumaloza amene wakwezedwa, tsankho limaloza amene watsitsidwa. Mlanduwu uli ndi zonse ziwiri, ndipo ana anu adzaumva bwino mukawapatsa mawu onse awiri, aliwonse pamalo pake. Pabolodi lembani "tsankho lotengera khungu popereka chilango cha imfa", kenaka pofotokoza munene kuti makhoti ankakondera azungu ophedwa.

Pali chinanso chimene simunafunse. Mwina mulemba kuti McCleskey "ananyongedwa". Kuno kwathu timati chilango chonyongedwa chifukwa njira yake inali chingwe, kundende ya ku Zomba, ndipo boma linanyonga anthu komaliza mu 1992. Mawuwa afutukuka moti ambiri amawagwiritsa ntchito pa kupha kulikonse kolamulidwa ndi khoti, ndipo pocheza sindingam'dzudzule munthu. M'kalasi ndiye ayi. McCleskey anafera pampando wamagetsi, monganso George Stinney, mnyamata wakuda wa zaka 14 wa ku South Carolina amene anaphedwa mu 1944, khoti n'kudzafafaniza chigamulo chake mu 2014, patatha zaka 70. Ana anu ena ndi a msinkhu womwewo. Auzeni kuti anaphedwa pampando wamagetsi, ndipo dzina la chilangocho likhale chilango cha imfa.